Msoko wa Ovolosi pa Diresi la Madamu

Lettie anali atakwinya chitenje mpaka m'mawondo, akupondaponda bulangete m'beseni kuseri kwa nyumba, pamene Exildah analowa pageti popanda ndi odi yomwe. Madzi kukomboni ya Chililalila, mu Kabwe, anali atabwera m'mawa umenewo atasowa masiku atatu, ndiye Lettie analibe nthawi ya mlendo aliyense.

"Bana Thandizo, tuluka m'madzimo. Atilanda."

"Atilanda chiyani? Lankhula zomveka, ine ndili ndi zochapa za masabata awiri pano."

"Mayunifolomu a kusukulu. Akomiti ya makolo akumana lero thu koloko. Madamu Mwenya, wa kumayadi ku Highridge uja, akuti ana aleke kuvala zosoka ife. Ati kuli sitolo ku Lusaka yobweretsa zakunja. AHedi atumiza mawu kuti ngati tili ndi pakamwa tipite tikadziyankhire tokha."

Lettie anaima chilili m'besenimo, thovu likutsetsereka m'miyendo. Mayunifolomu amenewo ndiwo anali ntchito yokhayo yodalirika imene Lettie ndi anzake asanu osoka zovala anali nayo. Ikachoka imeneyo, kotsala kunali kutseka chitseko, aliyense n'kusenza makina ake.

"Ndipo akuti abwera ndi diresi la ku Mangalande," anawonjezera Exildah, akupukuta thukuta ndi nsonga ya duku. "Atisonyeze kusoka kwenikweni, ife akusoka ndi mapazi."

"Abwere nalo. Kodi ku Mangalande singano ili ndi maso awiri? Pita ukauze anzathu. Ndikupezani pageti la sukulu."

Onse asanu ndi mmodzi anachokera kufakitale imodzi, imene inkasoka maovolosi a anthu a mumgodi. Lettie anakhala pamzere wa matumba ndi misoko ya m'mbali zaka khumi ndi zinayi. Mgodi utatsekedwa mu 1994, ovala ovolosi anatha ngati wawasesa. Fakitale inagulitsidwa kwa bwana wina amene anabwera kamodzi kokha, n'kukweza makina akuluakulu m'lole, n'kukhoma loko. Yoram, mwamuna wa Lettie, amene bambo ake anachoka ku Dedza ndi mapazi kudzakumba mgodi womwewo, tsopano ankangokhala pakhonde kukonza mawailesi a anthu amene analibe ndi mabatire omwe.

Akaziwo anapeza kachipinda ku Kamushanga, n'kuikamo makina awo opalasa ndi mapazi. Pamwamba pa chitseko Yoram anawalembera ndi penti yofiira: VALANI ZOSOKA ANTHU ANU. Anzake anamusankha Lettie kukhala wapampando chifukwa mawu ake ankamveka mpaka kokwerera mabasi. Iye ndiye ankaima pakhomo n'kumakalipira odutsa ndi mapepala a salaula m'manja, kuti akuvala zimene azungu anatopa nazo pamene nsalu ikuwombedwa mu Kabwe momwemo. Tsiku lina m'nyengo yozizira Exildah anabwera kuntchito ndi kamwana kake katavala jezi ya pasalaula. Lettie anamunyoza pamaso pa anzake onse mpaka Exildah anakavula jeziyo n'kukafunditsa chitenje. Tsiku lonse kanangokhala njenjenje pakona.

Lettie anapukuta miyendo n'kulowa m'chipinda kukatenga yunifolomu yachitsanzo. Potsegula kabati dzanja lake linagunda kachitini ka mkaka kuseri kwa nsapato za kutchalitchi. Anakakankhira m'kati msanga ngati kali ndi moto. Munali timalebulo ta zovala zakunja, timene anatichotsa ndi lezala m'makosi mwa malaya a salaula.

Nkhani yake inayamba miyezi itatu m'mbuyomo. Zoona zake n'zakuti chikwangwani cha penti yofiira chija sichinkaitana munthu. Anthu ankawerenga, n'kugwedeza mutu kuti inde, n'kupitirira kusalaula. Madiresi asanu ndi awiri amene Lettie anasoka kunyumba panthawi yake anakhala pahang'ala kuyambira Khirisimasi mpaka mvula inatha. Pamapeto pake anawanyamula mobisa kupita nawo kwa Selina, mlongo wa Yoram, amene anali ndi benchi la salaula kumsika wa m'tauni.

Selina anawatambasula limodzi limodzi, n'kuseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Mlamu, mwati ndipachike izi pano? Mwasita ngati mukupita nazo kuukwati. Pano munthu akaona chovala chositidwa amathawa, amati mwachotsa m'sutikesi ya munthu wakufa. Akufuna makwinya. Akufuna anunkhize amve fungo la belo, adziwe kuti latsegulidwa lero."

"Ndiye ndisoke chovala chatsopano, kenaka ndichiwononge?"

"Ine sindikuti muwononge, ndikuti muchidetse pang'ono. Nanga kukhosiku mulibe kanthu? Kasitomala dzanja lake limayambira kukhosi, mlamu, asanaone ndi mtundu womwe. Tengani timalebulo iti, musokerepo. Kapena bwererani kukalalikira ku Kamushanga, muone ngati ana adya ulaliki."

Lettie anachoka pamenepo atalumbira kuti sadzapondaponso. Panangotha masiku anayi. Kunyumba ufa unali utafika pansi pa thumba, ndipo mwana wake Thandizo anali atabwezedwa kusukulu chifukwa cha nsapato zong'ambika. Masana ena, ana ali kusewera ndipo Yoram ali pakhonde ndi mawaya ake, anatseka chitseko cha kuchipinda n'kusokerera timalebulo tija. Kenaka, mayi amene kufakitale ankabweza ovolosi yathunthu chifukwa cha kaulusi kamodzi kolendewera, anatenga madiresi ake n'kuwafinya ngati akufinya masanza, n'kuwakhalira. Anawakhalira ndithu, ngati nkhuku pamazira, maso ali kudenga. Selina anawagoneka pansi pa belo sabata yathunthu kuti alowe fungo. Madiresiwo anatha onse tsiku limodzi, dzuwa lisanafike pamutu.

Lettie sanauze munthu. M'mawa mwake anapita ku Kamushanga n'kuima pansi pa chikwangwani monga mwa masiku onse, koma mawu ankatuluka ngati a munthu wachimfine.

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya Giredi 2. Akuluakulu anadzipanikiza m'timadesiki ta ana, mawondo ali pafupi ndi zibwano. Kutsogolo kunakhala aHedi, Madamu Mwenya amene anali wapampando wa komiti, ndi bambo Gershom, wachiwiri wake, mkulu wina wa imvi amene anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka tsiku lotseka. Makolo ena anali ngati makumi awiri. Osoka anakhala mzere wakumbuyo, Lettie kumapeto, yunifolomu yachitsanzo ili pamiyendo.

Madamu Mwenya anali mayi wamtali, wodzisamala, wolankhula mosakweza mawu. Amuna awo anali mmodzi wa mabwana a mu ofesi ya mgodi. Tauni yonse inkadziwa kuti galimoto lawo tsopano lili pamiyala kuseri kwa mpanda wa maluwa, ndi kuti mwana wawo anabwera pasukulu ya bomayi chifukwa ya mabwana ija inawakanika. Koma nkhani imeneyo palibe ankaitchula iwo alipo.

"Ine sindidana ndi azimayi anzangawa," anatero Madamu. "Mavuto tikuwaona tonse. Koma mwana wanga wavala yunifolomu teremu imodzi, mtundu wachoka, waoneka ngati wavala thumba la feteleza. Kodi tizigula chinthu chifukwa cha chisoni?"

"Kusuluka si kusoka, Madamu," anayankha Lettie ali kumbuyoko. "Nsalu munasankha ndinu akomiti, yotchipa ija. Ife tinanena kuti imeneyi ikaona sopo ithawa. Onani msoko ngati unamasukapo."

"Msoko? Chabwino, tikambe za msoko."

Madamu anawerama, n'kutulutsa m'chikwama diresi lopindidwa bwino, n'kulikutumula kuti onse aone. Linali labuluu, la timaluwa toyera, lokhala ndi matumba awiri kutsogolo.

Lettie analizindikira pomwepo. Sanafunike kuyandikira. Nsalu imeneyo anagula yekha pasitolo ya zotsala ya fakitale ya nsalu, mamita atatu, chidutswa chomaliza. Kolala yake anaisoka kawiri chifukwa ulendo woyamba inapendekeka.

"Ili ananditumizira mchemwali wanga wa ku Mangalande," anatero Madamu. "Ndalivala miyezi itatu, ndalichapa sabata ndi sabata. Palibe pamene lamasuka. Ligwireni nokha. Dzina la sitolo lili kukhosiko. Izi ndiye zimene ndikufuna ana athu azivala, zosokedwa ndi anthu odziwa."

Diresi linayamba kuyenda m'manja mwa makolo. Azimayi analisisita, ena kulinunkhiza. "Zakunja ndi zakunja, mwandi," anatero wina. "Taonani kulimba kwake." Lettie anangoti maso pabolodi, pamene panali patalembedwa masamu a ana. Anawawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, osamvapo kanthu. Anapemphera kuti diresilo litope panjira, wina alibweze kutsogolo lisanafike mzere wakumbuyo.

Linafika. Analandira ndi Exildah.

Wosoka sayang'ana chovala ngati mmene amayang'anira anthu ena. Exildah sanaone maluwa kapena lebulo. Analitembenuza kunja kukhala m'kati, n'kuyendetsa chala pamsoko wa m'mbali. Chala chinaima. Msokowo unali wopindira m'kati, wodutsa kawiri, mizere iwiri yoyandikana ngati njanji. Anapita pakona ya thumba. Panali kamtanda ka ulusi, kobwerezedwa kasanu, kamene kufakitale ankakhoma nako matumba a ovolosi kuti sipanala isang'ambe. Palibe munthu padziko lapansi amene angakhome thumba la diresi la mayi ngati muzilowa sipanala, kupatula munthu amene manja ake anachita zimenezo zaka khumi ndi zinayi mpaka kuiwala kusoka kwina.

Exildah anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kumuyang'ana Lettie. Anapatsira mnzake wa pambali pake, diresi lili chitembenuzire. Nayenso chala chinaima pamalo omwewo. Linadutsa m'manja asanu motero, ndipo aliyense akamaliza ankayang'ana pansi. Pofika kwa Lettie, kalasi yonse inali itamutenthera ngati khitchini. Analandira ndi nsonga za zala n'kulipereka kutsogolo msanga.

Bambo Gershom ndiwo anali asanaligwire. Anavala magalasi awo omangidwa ndi waya, n'kuliyandikiza kumaso.

"Koma zodabwitsa," anatero mkuluyo. "Azungunso amasoka chonchi? Uwu ndi msoko wa ovolosi yanga ndendende. Ndinkakwawa nayo m'matope, bondo kutha, koma msoko uli gwa. Kapena kumeneko akazi amalowa mumgodi ndi madiresi?"

Anthu anaseka. Madamu nawo anamwetulira, n'kutembenukira kumbuyo.

"Amake Thandizo, inu ndinu mkulu wa gululi, ndipo pakamwa muli napo, tonse timakumvani ku Kamushanga. Tiuzeni zoona pamaso pa makolo. Mungasoke chonchi?"

Lettie anaimirira movutika, desiki ikumukola m'chiuno.

"Tingasoke, Madamu."

"Mungasoke? Nanga bwanji simusoka?"

Kuseka kunabukanso, kokulirapo. Bambo wina anati, "Pakamwa pokha ndiye amasoka bwino." Lettie anaona aHedi akukoka pepala n'kutsegula cholembera, kukonzekera kuti anthu akweze manja. Zinali zoonekeratu kumene manjawo apite.

Akanatha kukhala pansi. Anzakewo sakanamuulula, zimenezo ankazidziwa. Exildah akanapita nazo kumanda. Ntchito ikanapita ku Lusaka, kachipinda kakanatsekedwa, ndipo iye akanatsala ndi dzina lake loyera la mayi amene anamenyera nkhondo zosoka kwathu mpaka mapeto. Komanso panali Madamu. Lettie ankadziwa bwino lomwe kumene diresilo linagulidwa, pabenchi la Selina, pakati pa makabudula ndi masiketi amkati. Kunena kunali kuvula anthu awiri nthawi imodzi, ndipo winayo sanamulakwire kanthu koposa kufuna kuoneka ngati zinthu zikadali bwino kunyumba kwake.

Anayang'ana mzere wa anzake. Wina anali wamasiye wa ana asanu. Exildah anali atapinda manja pachifuwa, akuyang'ana pawindo, nsagwada zili zolimba. Sanali kumupempha kanthu. Ankangodikira kuti aone kuti mayi amene anamunyoza za jezi uja ndi munthu wotani.

"AHedi, dikirani kaye," anatero Lettie. Mawu anatuluka aang'ono, mpaka wina anati akweze. "Ndati dikirani. Diresilo ndinasoka ndine."

Poyamba palibe anamvetsa. Madamu anapendeketsa mutu ngati sanamve bwino.

"Mwati bwanji?"

"Ndinasoka ndine, Madamu. Kunyumba kwanga ku Chililalila, pamakina anga. Kalebuloko ndinachotsa pa malaya ena n'kusokererapo."

"Amayi inu, musandichititse chipongwe. Kufuna ntchito kusakufikitseni pamenepo."

"Ndipatseni kuno."

Sanadikire kupatsidwa. Anapita kutsogolo, n'kulitenga m'manja mwa bambo Gershom, n'kutulutsa kalezala kamene kankakhala pamfundo ya chitenje chake nthawi zonse. Ntchito imeneyi manja ake ankaidziwa. Anatumbula mpendero wa m'munsi kutalika ngati chikhatho, n'kuutambasula. Kufakitale anawaphunzitsa kusataya mphepete ya nsalu, muja mumadindidwa dzina la oiwomba. Ankaipindira m'kati kuti nsalu ikwane. Zilembo zinaoneka, zakuda, zosasuluka: dzina la fakitale ya nsalu, ndipo pambali pake, KABWE, ZAMBIA.

Anapereka kwa aHedi. AHedi anawerenga, n'kuvula magalasi, n'kupatsira bambo Gershom.

"Ndiye kuti Mangalande wake ndi wa pamsika wa m'tauni," ananong'ona mayi wina, koma kunong'ona kwake kunafika pakona iliyonse. Wina anaseka pansipansi n'kubisa m'chitenje.

Lettie sanafune kuyang'ana Madamu, koma maso anapita okha. Mayiyo anali atakhala chowongoka, manja onse awiri atagwira chikwama pamiyendo. Nkhope sinasinthe. Mmenemo Lettie anaona kuti nsapato za Madamu zinali zopakidwa polishi wambiri pofuna kubisa pong'aluka. Anachotsa maso msanga, ngati waona munthu akusamba.

"Ndiye kuti ndinu wakuba," anatero Madamu pomaliza, mawu ali phee. "Mumaima pamsewu kutitukwana kuti tikuvala zotaya azungu, kenaka mumapita kunyumba kukatinamiza ndi malebulo. Ine ndanama, inde, makolo amva. Ndanama za mchemwali. Koma ine sindinagulitse bodza langa kwa munthu."

"Ndi zoona, Madamu."

"Ndi zoona basi? Mulibe china?"

"Ndilibe."

Ankafuna kunena za ufa, za nsapato za Thandizo, za madiresi kukhala pahang'ala mpaka kuchita fumbi m'mapewa. Koma ndani m'kalasimo amene ufa wake sunafike pansi pa thumba? Anangoima potero, kalezala m'dzanja, ngati mwana wogwidwa ndi shuga pakamwa.

Madamu anaimirira, n'kukoleka chikwama paphewa. "Bambo Gershom, pitirizani msonkhano. Mutu ukundipweteka." AHedi anawatambasulira diresi lija. Iwo analiyang'ana ngati chinthu chakufa. "Mupatseni mwini wake." Anatuluka osathamanga, nsapato zikugogoda pasimenti mpaka kumapeto kwa khonde.

Phokoso linabuka pamenepo. Ena ankati azimayiwa asonyeza kuti kusoka amakudziwa, nanga umboni wina wotani. Ena ankati munthu wosoka bodza kukhosi angasokenso bodza pansalu, mudzalipira yolimba n'kulandira yopepuka. Bambo Gershom anamenya patebulo ndi chikhatho.

"Tamverani. Ine ndi maso angawa ndaona kuti chovala chimene tonse tachitama pano chasokedwa kuseri kwa nyumba zathu, ndi nsalu ya kwathu. Manyazi amenewo ndi a tonse, tigawane. Ine ndikuti ntchito ikhale kuno. Koma funso la makolo ndi lomveka. Azimayi inu, tikukhulupirireni bwanji?"

Funsolo linalunjika kwa Lettie, poti ndiye ankayankha nthawi zonse. Asanatsegule pakamwa, Exildah anaimirira.

"Ba Gershom, ife asanufe sitinadziwe kanthu. Tadziwira pano ngati inu. Ntchitoyi ndiyendetsa ine. Nsalu mudzabwere mudzaione isanadulidwe, ndipo musankhe yabwino ulendo uno. Bana Thandizo sakhudza."

Sanamuyang'ane Lettie ponena zimenezo. Bambo Gershom ndiwo anayang'ana Lettie, kudikira ngati atsutsa. Lettie anagwedeza mutu kuvomera. Manja anakwera, ambiri ndithu, ndipo aHedi analemba. Ntchito inatsala ku Kamushanga.

Panja anzake anayi aja anadutsa Lettie ngati mtengo. Wamasiye uja yekha ndiye anamugwira pamkono pang'ono, n'kuthamangira anzake. Exildah anayenda naye mpaka panjanji, pamene njira zawo zinkasiyana. Mphepo inkaulutsa fumbi lotuwa la kumilu ya mgodi, ndipo onse awiri anaphimba pakamwa ndi maduku.

"Madiresiwo anali angati?" anafunsa Exildah.

"Asanu ndi awiri."

"Ndiye asanu ndi limodzi akuyendayenda mu Kabwe muno, eni ake akuti avala Mangalande." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Unawakwinya bwanji? Iwe amene umasita ndi kansalu kopukutira makina komwe?"

"Ndinawakhalira."

"Awe mwandi." Exildah anapukusa mutu. Anayenda pang'ono, kenaka anaima. "Ukhale kunyumba teremu ino. Anthu akakuona pakhomo paja aziyamba kutembenuza khosi la chovala chilichonse. Makina ako a ku Kamushanga aja ndituma amuna anga akubweretsere pawilibala."

"Nanga teremu ya mawa?"

"Sindidziwa. Ndifunse nthawi imeneyo." Anamuyang'ana tsopano, maso ali ofiira ndi fumbi kapena ndi china. "Lebulo siyinandipweteke, Lettie. Njala tonse timaidziwa. Chandipweteka n'chakuti unapeza podyera, n'kudya wekha chitseko chili chotseka, m'mawa n'kubwera kudzatilalikira. Ukanangokhala chete pakhomo paja, bwenzi lero ndikukunyamulira chikwama."

Exildah anawoloka njanji n'kumapita.

Njira ya ku Chililalila inali yomweyo ya masiku onse, koma inatalika. Nkhani mu Kabwe imayenda ndi njinga, munthu ndi mapazi. Pofika pa kantemba ka pakona, azimayi awiri ogula tomato anasiya kulankhula, n'kumupatsa moni waulemu wopitirira muyeso. Anadziwa kuti mawa ifika kumsika wa m'tauni, makasitomala a Selina ayamba kutumbula mipendero pabenchi pomwepo, ndipo Selina abwera ndi pakamwa pake ponse. Zimenezo anazisiyira mawa. Diresi analipinda laling'ono n'kulibisa pansi pa yunifolomu yachitsanzo, imene sanaisonyeze ndi kwa munthu mmodzi yemwe.

Yoram anali pakhonde, wailesi yotsegula pamimba ili pamiyendo.

"Zayenda bwanji, amake Thandizo? Mwawagonjetsa a ku Highridge?"

"Ntchito yatsala."

"Eya! Ndinadziwa ine. Pakamwa panu pamenepo ndani angaime?" Anamuyang'anitsitsa. "Nanga nkhope bwanji ngati mwachokera kumaliro?"

"Mumva. Mlongo wanu abwera kudzakuuzani bwinobwino, ndi zokometsera zomwe."

"Selina? Zamukhudza bwanji Selina?"

Lettie anaika zovala zija pampando wa m'khitchini n'kuzungulira kuseri. Anatsegula mpopi. Unangotsokomola kawiri, n'kudontha dontho limodzi, basi. Madzi anali atapita kale. Bulangete linali mmene analisiyira, thovu litaphwa, madzi atada bii, pamwamba pakuyandama fumbi ndi masamba. Mulu wa zochapa unali pambali, osakhudzidwa, ndipo mumgolo munali madzi osakwana kutsukuluza ndi theka lomwe.

"Amake Thandizo," anaitana Yoram ali pakona ya nyumba, sikuludiraiva m'dzanja. "Ndafunsa."

"Ndamva. Tandipatsirani sopo ali pawindopo."

Anakwinya chitenje mpaka m'mawondo, n'kulowa m'madzi ozizirawo, n'kuyamba kuponda.